Ulemu kwa mwambo wa thumba limodzi la ufa

Anthu osayamika amanyoza mwambo wopereka chithandizo, ati n'kuwononga ndalama. Sadziwa thukuta limene limagwa kuti thumba limodzi la ufa lichoke m'manja mwa bwana n'kufika m'manja mwa gogo.

Ku Phalombe mwambowu si wachilendo. Mu Malichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasakaza nyumba, minda ndi milatho ku Nkhulambe ndi madera ena. Msewu ukangoyamba kudutsika, tenti imafika. Pambuyo pake pamabwera mipando ya pulasitiki, zokuzira mawu, jenereta ndi chinsalu cha dzina la opereka, zilembo zake zoti ngakhale wodutsa pa kabaza awerenge osaima.

Olandira amauzidwa kuti afike 8 koloko m'mawa. Mlendo wolemekezeka amatulukira dzuwa litapendeka, motero anthu amaphunzira kudekha osalipira kanthu. Ovina tchopa, gule wa Alhomwe amene UNESCO idamulemba m'kaundula wake mu 2014, amakhala atavina kale, fumbi lili koboo, chifukwa wina adaona galimoto patali n'kuyesa kuti ndi alendo. Kenako zolankhula zimayamba: nyakwawa, gulupu, gogo chalo, khansala, phungu, bwana DC. Aliyense amayamba wapereka ulemu kwa onse amene alankhula kale ndi amene akudikira kulankhula, n'kulonjeza kuti satalikitsa.

Pachimake pa mwambo amasankha gogo mmodzi wooneka bwino pa chithunzi, kutanthauza wa chitenje chothaitha. Bwana, tisheti yatsopano ili pamwamba pa shati ndi tayi, amagwira thumba mbali ina, gogo mbali inayo. Wojambula akati, "Tibwereze, bwana anaphethira," gogo amabweza thumbalo n'kulilandiranso, mawondo akunjenjemera, nthungululu zili pakamwa pa amayi. Ndi kuti kwina kumene wosauka angalandire thumba limodzi katatu?

Ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kunali timagulu toyendayenda m'matauni ang'onoang'ono kuonetsa masewero a agalu ndi tiakavalo, ndipo mpaka lero zionetsero zokopa anthu amazitchula ndi dzina la nyama zimenezo. Phalombe idawaposa. Galu amafuna kanyama kaye kuti adumphe, pamene amayi a kuno amaimba nyimbo zothokoza asanalawe n'phala lomwe.

Phindu lake ndi losabisika. Mwini tenti amapeza ya fetereza, ogulitsa mafuta a galimoto amasekerera, oyenda ndi bwana amasayinira alawansi, ndipo mayi wa mandasi amabwerera kwawo beseni lili mbee.

Magalimoto amanyamuka kusanade. Matumba otsalawo amagawidwa mawa lake kapena sabata inayo ndi a komiti ya m'mudzi, akuitana mayina m'kope pansi pa mtengo, popanda kamera, popanda ng'oma. Ntchito yosasangalatsa chotero siyenera kutamandidwa m'nkhani ino.