Chikomekome cha Nkhuyu

Amalume anga a ku Mua akhala ali ndi zaka 49 kuyambira nthawi ya Bingu. Imvi amazipaka mankhwala okudetsa ogula pamsika wa Golomoti, koma dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno silisunga chinsinsi. Ikamati 11 koloko, unyamata wonse umakhala utatsetsereka ndi thukuta mpaka m'kolala. Paja akale adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lina ndidalimba mtima. "Malume, akalembera mutha kuwanamiza, koma m'thupi mwanumo muli mlembi wosalandira chiphuphu."

Pafupifupi selo lililonse la munthu lili ndi makromozomu 46, ndipo kunsonga kwa kromozomu iliyonse kuli kachidutswa kotchedwa telomiya. Ntchito yake ikunga ya moto umene timawaulira nsonga ya chingwe cha mbuzi kuti chisamasuke. Selo likagawikana, nsongayo imafupikako pang'ono. Mu 1961 Leonard Hayflick adaona kuti maselo a munthu owetedwa m'mbale amagawikana pafupifupi ka 50 basi, kenako n'kupuma pantchito, popanda penshoni.

Amalume maso adawala. "Nanga mankhwala otalikitsa nsongazo, mphwanga, sagulitsa?"

Chotalikitsacho chilipodi, dzina lake telomerase. Carol Greider ndi Elizabeth Blackburn adachipeza mu 1984 m'kachilombo kokhala m'madzi a m'thamanda, ndipo mu 2009 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Jack Szostak. Choipa n'chakuti kasitomala wake wamkulu ndi khansa. Mwa khansa 10 zilizonse, pafupifupi 9 zimadalira telomerase kuti maselo ake asakalambe. Maselo a Henrietta Lacks, otengedwa pa khansa ya khomo la chiberekero ku Baltimore mu 1951, akuswanabe m'malabotale mpaka lero, chonsecho mwini wake adatisiya chaka chomwecho ali ndi zaka 31. Nkhuyu yeniyeni ndi imeneyotu: selo looneka lachinyamata, losatopa, losamva za abale ake.

Amalume adati zii. Adapukuta khosi ndi kampango, n'kukayang'anitsitsa kali bii ngati kapukutira mphika.

"Ndiye kuti maselo angawa akukalamba chifukwa ndi aulemu?"

"Eya, malume."

"Chabwino. Lemba 52."

Mwana wawo wachisamba ali ndi 44.