Akuluakulu Akaona Kumene Magetsi Amachokera

Maulendo okaona malo masiku ano si a ana asukulu okha. Magulu a kumpingo, a banki m'khonde, makomiti a chitukuko, onse akumasonkherana ya minibasi kuti akadzionere okha kumene madzi ndi magetsi amachokera. Amapita ndi makope ndi zolembera. Tamvani zimene amabwerako nazo.

Pa geti la siteshoni ya Nkula aliyense anapatsidwa chipewa cholimba ndi kajekete konyezimira. Bambo wina anavala, n'kumanga bwinobwino, kenako n'kuyamba kusuzumira uku ndi uku. Mlonda anawafunsa chimene ataya. "Helemeti ndalandira, lifulekita ndalandira. Nanga njinga ya kabazayo mugawa nthawi yanji?"

Mkatimo injiniya anafotokoza kuti Nkula A inayamba kugwira ntchito mu 1966. Madzi a mu Shire amatsika mwamphamvu m'mapaipi akuluakulu, amazunguza makina, makinawo n'kupanga magetsi. Akatero madziwo amabwerera mumtsinje kukagwiranso ntchito yomweyo ku Tedzani ndi ku Kapichira. Agogo ena ochokera ku Chikwawa anagwira pakamwa. "Ndiye amatipeza atafinyidwa katatu? Mwana wanga, n'chifukwa chake tiyi wa kwathu alibe mphamvu."

Bambo wina anakokera injiniyayo pambali n'kutulutsa kachikwama m'thumba la jekete. Ati poti afika pamunda penipeni, awagulitse mayunitsi pa mtengo wooda. Injiniya anati kuno sagulitsa mayunitsi: kuyambira mu 2017 opanga magetsi ndi EGENCO, ndipo ofikitsa kwa anthu ndi kugulitsa ndi ESCOM. Bambo aja anabweza kachikwama kaja, n'kumusisita injiniyayo paphewa. "Ndiye inu mumalima, ogulitsa ndi ena? Pepani achimwene. Inenso ndine wa fodya."

Potuluka anadutsa pa mpanda wa mathiransifoma. Pawaya panali chikwangwani cha chigaza ndi mafupa awiri opingasa. Amfumu ena anaima, anavula chipewa, n'kuwerama kamphindi ndithu. Kenako ananong'oneza wantchito amene anali pafupi: "Pepani ndi zovutazi. Koma mukanaika chithunzi chake ali moyo."

Tiyeni ku Liwonde. Gulu lina linaima pa Kamuzu Barrage kumva kuti mageti ake ndi amene amachepetsa kapena kuchulukitsa madzi otsika mu Shire kuchokera kunyanja, ndipo kuti anamangidwa mu 1965. Mayi wina, msungichuma wa gululo, anafuna kutsimikiza. "Ndiye kuti nyanja ya Malawi ndi thanki, pano ndi pampopi?" Wofotokozayo anati tingatero ndithu. Mayiyo anayang'ana madzi akukhuthuka, n'kutseka kope lake. "Chiusiyireni wotsegula mu 1965? Biluyo ine musandiwerengereko."

Ku Walker's Ferry, kumene Blantyre Water Board imapopa madzi mu Shire, alendo anauzidwa kuti madziwo amayenda makilomita pafupifupi 40, ulendo wonse wokwera mtunda, n'kukalandira mphamvu zina pa mapampu a ku Chileka asanafike mumzinda. Mayi wina amene ankangodandaula m'minibasi monse kuti kwawo mpopi umatulutsa madzi pakati pa usiku anakhala chete. Anzake anamufunsa ngati ali bwino. "Ndawalakwira madziwa. Chitunda chimenechi inenso ndingafike 2 koloko m'mawa."

Ku Lilongwe nako kunali zake. Gulu la banki m'khonde linapita ku Malingunde kukaona Kamuzu Dam. Anamva kuti madzi onsewo ndi a mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama. Wapampando anakweza dzanja. "Ku Dzalanyamako mumaooda zingati pa chigubu?" Anati saooda, ndi mvula basi. Wapampando anayang'ana mlembi, mlembi anayang'ana msungichuma. "Katundu waulere, makasitomala mzinda wonse. Bwana, gulu lanuli kulowa kwake ndi zingati?"

Kumalo oyeretsera madzi mtsikana wovala gawuni loyera anafotokoza mwatsatanetsatane. Poyamba amathira mankhwala oundanitsa matope kuti adikhe pansi, kenako madzi amadutsa mumchenga wosefera, pomaliza amathira klorini wopha tizilombo. Mkulu wina wa mpingo ankawerenga ndi zala, milomo ikuyenda. "Tadikirani, mwana wanga. Mwasefa kaye, kenako mwapha?" Mtsikana anavomera. "Ndiye mitemboyo imatsala momwemo?" Mtsikana asanayankhe, mkuluyo anatembenukira anzake ali gwa. "Abale, Lenti yonseyi ndakhala ndikudya nyama osadziwa."

Ku Kauma, kumene kuli maiwe oyeretsera zochokera m'zimbudzi, ambiri anatsikira m'minibasi atatseka kale mphuno ndi zitenje. Bambo mmodzi yekha ndiye anayenda chakutsogolo, manja kumbuyo, akuyendera dziwe lililonse mwachidwi. Wofotokoza anasangalala kuti wapeza wophunzira weniweni, n'kuwafunsa ngati ali ndi funso. "Lilipo. Tandionetsani za anthu a kumayadi. Ndikufuna ndione ngati soseji amasintha kanthu."

Ku Nanjoka m'boma la Salima kuli munda wa magalasi a sola wa mamegawati 60, umene unatsegulidwa mu 2021. Magalasi ndandanda mpaka maso kutopa. Agogo ena aakazi anayang'ana magalasiwo, anayang'ana mitambo imene inkachita bii chakunyanja, n'kuyamba kumanga chitenje m'chiuno. "Inu anyamata, mwangoima? Zonse mwayanikazi aanule ndani?"

Ndipo paliponse pamene gulu lapita, samalephera munthu mmodzi uja. Pomaliza ulendo wina, alendo anapatsidwa buku kuti alembe mayina ndi kusayina. Bambo wina anasayina, anabwerera kumapeto kwa mzere, anasinthako chipewa, n'kusayinanso. Anzake atakwera kale minibasi, iye anali chiimire pakhomo la ofesi. Mlembi anatuluka n'kumuuza kuti limenelo ndi buku la alendo chabe. "Ndamva, chemwali. Nanga buku la alawansi amasunga ndani?"

Gulu lanu likafuna ulendo wotere, lembani kalata yopempha nthawi idakalipo, valani nsapato zotseka, ndipo kamba nyamulani wanu. Envelopu kumeneko kulibe.