Zomwe ndinamva pakhonde la wosoka nsapato

Mvula inatipanikiza pakhonde la sitolo ina ku Limbe, pomwe pamakhala wosoka nsapato. Pa benchi panali bambo wina wa imvi ndi mtsikana wovala yunifolomu ya banki, nsapato imodzi ili kwa msoki. Ine langa linali khutu basi.

"Ndiye akatswiri munkanena aja anafika, mwana wanga?"

"Anafika, bambo, ochokera ku Ulaya. Koma maphunziro ake anakachitikira kunyanja, ndipo amene anapitako ndi mabwana. Ife a pakauntala anangotigawira timabuku kuti tiziwerenga tokha. Netiweki ikagwa, mzere n'kufika panja, timangoyang'anana."

Bambowo anapukusa mutu. Anati iwo anakalambira pakauntala ya positi, nthawi yomwe banki ya munthu wamba inali Post Office Savings Bank. Mlimi ankabwera ndi ndalama za fodya atazimanga pansonga ya nsalu, kalaliki n'kuziwerenga kawiri, kulemba m'kabuku, kudinda chidindo, kusayina. Madzulo sunkaweruka ngati tambala imodzi sikuoneka. "Amene anandiphunzitsa ankakhala pambali pangapa. Ndikalakwitsa ankandigwira dzanja pomwepo, kasitomala asanachoke."

Apa ndinagwirizana nawo kwathunthu. Thandizo lakunja lilibe vuto. Ku Germany mabanki osungitsako ndalama anayamba kalekale, yoyamba ku Hamburg mu 1778, ndipo mu 1992 anakhazikitsa bungwe la Sparkassenstiftung ku Bonn kuti lizithandiza mabanki otere m'mayiko osauka. Koma kwawoko wachinyamata amaphunzira ntchito ya banki kwa zaka ziwiri kapena zitatu, masiku ena m'kalasi, masiku ena pakauntala yeniyeni. Luso lotere silingalowe m'mutu pa msonkhano wa masiku atatu kuhotela. Ku Zambia, a Rabobank a ku Netherlands atagula magawo 49 pa 100 a Zanaco mu 2007, anatumiza anthu awo kudzagwira ntchito m'bankimo tsiku ndi tsiku.

Mtsikana uja anafunsa kuti nanga banki ya positi ija inathera kuti. Bambowo anakweza mawu mpaka msoki anaimitsa singano.

"Mu 1994 inasanduka Malawi Savings Bank. Mu 2015 boma linaigulitsa kwa a FDH, ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni n'kuzisenza lokha. Muganiza anaigwetsa ndi makalaliki? Kapena amayi ogulitsa tomato? Ndi anthu akuluakulu amene anakongola osabweza."

Mawu amenewa andikhala pamtima. Timaitana katswiri kuti aphunzitse kalaliki kugwiritsa ntchito kompyuta, ndipo nzoyenera. Koma ndani akuphunzitsa ofesala wa ngongole kukana pempho lopanda chikole, ngakhale foni itachokera kumwamba? Ndipo akakana, ndani amuteteze kuti mawa asauzidwe kuti wasamutsidwira kutali? Ndalama zimene zimakongozedwazo ndi za mphunzitsi wopuma, za mayi wa geni, za gulu la banki mkhonde lomwe latsegula akaunti.

Mvula itakata, mtsikanayo analipira msoki n'kuthamangira kuntchito.

Inu amene mumasayina mapangano ndi akatswiri akunja, lembanimo kuti azikhala miyezi m'nthambi za kumaboma, ku Nsanje, ku Chitipa, ku Ntchisi, pambali pa kalaliki ndi ofesala wa ngongole. Asakwere ndege asanasiye Mmalawi wodziwa kuphunzitsa anzake.