Nyumba ndi yanu, mchenga ndi wa aliyense

Ku Mauritius, mlendo wofuna chilolezo chokhala m'dzikomo safunika kukwatira mwana wa eni dziko. Angogula nyumba ya madola a ku America osachepera 375,000 pamalo amene boma lidavomereza, chilolezo chatuluka, cha iye, mkazi wake ndi ana omwe. Kale mtengowo unali 500,000, koma mu 2020 boma lidautsitsa. Zikuoneka kuti nawonso anthu olemera amakonda zotchipa.

Ndondomekoyi idayamba mu 2002. Minda ina imene inkabala nzimbe tsopano ikubala nyumba zokhala ndi dziwe losambiramo kuseri ndi bwalo la gofu pakhomo. Cha ku Tamarin ndi Grand Baie, ogula ambiri ndi a ku France ndi a ku South Africa, ndipo ena amabwera kudzagonamo milungu ingapo pachaka, miyezi yotsalayo n'kusiyira mlonda ndi abuluzi.

Pali kanthu kamene zithunzi zotsatsa malonda sizionetsa. Mchenga umene mafunde amanyambita ndi wa anthu onse, ndipo mzere wa malo otsatizana nawo, wotchedwa Pas Géométriques, ndi wa boma. Choncho bwana amene walipira chuma chonsecho amatha kudzuka Lamlungu m'mawa, khofi m'manja, n'kupeza banja lathunthu likudutsa pagombe "lake" litanyamula poto wa biriyani, ana akuthamangitsana.

Namondwe nayenso safunsa mtengo wa nyumba. Namondwe wotchedwa Belal atafika mu Januwale 2024, magalimoto ankayandama m'misewu ya Port Louis ngati mabwato.