Ekisiteno, Nkhokwe Yolemekezeka ya Ojambula Mavidiyo a ku Ntcheu

Ekisiteno ndi kabokosi kaphanthi, nthawi zambiri kakuda, kotha kulowa m'thumba la shati, kamene ojambula mavidiyo amasungamo ntchito yawo. Dzina lake lonse ndi hadi disiki yakunja, chifukwa imakhala kunja kwa kompyuta ndipo imalumikizidwa ndi kachingwe ka USB. M'boma la Ntcheu imapezeka m'zikwama za ojambula maukwati, zinkhoswe, ziliza ndi nyimbo za makwaya, kuchokera pa Lizulu, kudzera pa Boma, mpaka ku Senzani. Pa mwambo anthu amachita chidwi ndi kamera, ana amathamangira kandege kojambulira m'mwamba, koma ekisiteno palibe amaiyang'ana. Komabe pa zipangizo zonsezi ndi yokhayo ingathe kufafaniza ukwati wathunthu, kuyambira ku tchalitchi mpaka kudula keke, pa kamphindi kamodzi. Mphamvu yotere ndi yachifumu, ndipo mwini wake ayenera kutamandidwa.

Mtundu wake

Ekisiteno ndi mwana wa banja lotchuka. Kholo lake linabadwa m'chaka cha 1956 ku kampani ya IBM, ku San Jose m'dziko la America. Linali ndi mbale zachitsulo 50, limalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo limasunga zilembo 5 miliyoni, malo amene lero angadzadze ndi chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni. Kulibweretsa ku Ntcheu kukanafuna lole ngati zija zonyamula kachewere ku Tsangano. Mdzukulu wake wa lero amasunga zochuluka kuwirikiza mazana a zikwi, ndipo mafakitale opanga mtunduwu atsala atatu okha: Seagate, Western Digital ndi Toshiba.

M'kati mwake muli mbale yosalala ngati kalilole imene imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa mbaleyo pamauluka kamutu kolemba ndi kuwerenga, pa mpata wochepetsetsa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Apa ndi pamene pachokera ulemerero wake. Monga wamkulu aliyense, ekisiteno sifuna kugwedezedwa ikamagwira ntchito. Ikagwa pa tebulo mbale ili mkati mozungulira, kamutu kamakanda mbaleyo ngati khasu pa mzera, ndipo zimene zinalembedwa pamenepo zimapita. Wojambula amene amaikweza pa kabaza wa njinga yamoto m'misewu ya mabampu ya ku Kasinje amaifungatira pa chifuwa, ataikulunga m'sweta, chisamaliro chimene ana ake obereka sanachionepo.

Achibale ake

M'banja limeneli mulinso achibale atatu. Woyamba ndi memole khadi, amene amakhala m'kamera ndi kulandira zithunzi zikadali zotentha. Wachiwiri ndi fulashi, mthenga wa pa banjali, amene analanda ntchito ya DVD ya 4.7 GB yokapereka vidiyo yomaliza kwa eni ukwati. Wachitatu ndi SSD, mphwake wolemera, amene alibe mbale kapena china chilichonse chozungulira. Iye saopa mabampu, amathamanga kuwirikiza kanayi kapena kuposa, ndipo mtengo wake nawonso umathamanga chimodzimodzi.

Akatswiri amalangiza kuti ntchito imene ikukonzedwa izikhala pa SSD, ndipo ekisiteno ya mbale izikhala nkhokwe ya zokolola zakale. Malangizowa ndi oona, koma amabisa kuperewera kwa khalidwe kwa mphwakeyu. SSD ikamafa kawirikawiri imangozima osatsanzika. Ekisiteno ya mbale ili ndi mwambo: imayamba yadwala, imachedwa kuyankha, imalira kuti tiki, tiki, tiki, kupereka nthawi yoti abale asonkhane. Kuti abalewo amanyalanyaza kulirako mpaka tsiku lomaliza, mlandu si wake.

Kasankhidwe

Funso loyamba posankha ekisiteno ndi kukula kwa mimba yake. Kamera yojambula 4K pa liwiro la mamegabiti 100 pa sekondi imadya pafupifupi 45 GB pa ola. Ukwati wa maola asanu wojambulidwa ndi makamera awiri umafika 450 GB. Choncho ekisiteno ya 1 TB, imene wogulitsa amaitama kuti sidzadza mpaka kalekale, imakhuta ndi maukwati awiri. Pa nyengo ya maukwati, anthu akakolola ndi kugulitsa mbewu, amenewo ndi masabata awiri okha.

Wogula akafika nayo kunyumba amapezanso chodabwitsa china: pa bokosi palembedwa 1 TB, koma kompyuta ya Windows ikunena 931 GB. Fakitale imawerenga ndi 1,000 pamene kompyuta imawerenga ndi 1,024, ndipo kusiyanaku ndi kumene kumameza 69 GB yotsalayo. Anthu osadziwa mwambo amati aberedwa. Odziwa amakumbukira kuti nyama ikaphedwa pa mudzi, mwendo umodzi umapita kwa amfumu, ndipo palibe amafunsa lisiti.

Palinso zachinyengo, makamaka pakati pa mamemole khadi ndi mafulashi otsika mtengo, zimene zimaphunzitsa mwambi wa chikomekome cha mkuyu bwino kuposa mphunzitsi aliyense. Khadi yolembedwa 128 GB imakhala ndi 8 GB yeniyeni, koma imalandira mafayilo onse mwaulemu, osadandaula, kwinaku ikufafaniza kapena kutaya zimene zasefukira. Mwini wake amazindikira tsiku lotsatira, ataona kuti mkwatibwi walowa m'tchalitchi koma sanatulukemo. Kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamadzaza khadi yonse ndi kuiwerenganso, n'kuulula kukula kwake koona. Khadi yoyenera 4K imakhala ndi chizindikiro cha V30, chotanthauza kuti sitsika pansi pa 30 MB pa sekondi polemba.

Sukulu ya kudekha

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe chipangizo chinaphunzitsa achinyamata a ku Ntcheu kudekha koposa ichi. Ikalowetsedwa pa bowo la USB 3.0, lija la kalilime kabuluu, ekisiteno imasamutsa 450 GB pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ikalowetsedwa pa bowo lakale la USB 2.0, ntchito yomweyo imatenga maola oposa atatu ndi theka. Nthawi yonseyi kompyuta imalonjeza kuti kwatsala mphindi 5, kenaka ola, kenaka mphindi 12, ngati kondakitala wa minibasi pa depoti amene akulumbira kuti watsala munthu mmodzi. Magetsi akathima kukopa kuli pa 97 peresenti, batire ya laputopu itatha kalekale, wophunzira amalandira phunziro lapamwamba, limene sukulu zina amalitcha kudziletsa.

Kachingwe kake nako ndi katswiri. Kamwa lake likamasuka, kamafuna kupindidwa mwa njira imodzi yokha, ndipo ojambula ambiri amakatsamiritsa pa foni, pa buku kapena pa kamwala kosankhidwa bwino. Wina akagunda tebulo, pulogalamu ya Premiere Pro imafiira pamaso n'kulengeza kuti Media Offline. Ndi chifukwa chake m'chipinda cha wokonza mavidiyo anthu amayenda monyang'ama, ana sathamanga, ndipo pakhomo pamakhala bata limene ankhoswe analephera kubweretsa.

Za malire

Ntcheu ndi boma la m'malire. Pa Lizulu munthu akangodumpha msewu wa M1 wafika ku Mozambique. Ekisiteno nayo ili ndi nkhani za ziphaso. Ikafomatidwa mwa FAT32, imakana fayilo iliyonse yoposa 4 GB, imene pa 4K ndi mphindi zisanu ndi pang'ono. Ulaliki wa abusa sudutsa pa chipata chimenechi, ngakhale m'kati muli malo ambirimbiri. Ikafomatidwa mwa NTFS, ku Windows ndi mbadwa, koma pa kompyuta ya Mac ndi mlendo amene amaloledwa kuonedwa koma osalandira katundu watsopano. Yofomatidwa mwa exFAT, njira imene Microsoft inatulutsa mu 2006, ili ngati munthu wa pa Lizulu: imagula uku, imagulitsa uko, osafunsidwa chiphaso. Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, pakuti exFAT ilibe kaundula wokonzera zinthu zikadukizidwa, ndipo kuzula chingwe osatsanzika kungasokoneze nkhokwe yonse. Motero ekisiteno imaumiriza mwambo umene makolo anaphunzitsa: mlendo sanyamuka osapempha njira.

Kasungidwe ka mafayilo

Ekisiteno silowerera pa momwe mwini wake amaikira katundu. Imalandira New Folder, New Folder 2, mpaka New Folder 14, ina m'kati mwa inzake. Imasunga vidiyo yotchedwa final, ina final 2, ina final yeniyeni, osafunsa kuti yomaliza ndi iti. Makamera amatcha mafayilo awo mayina ofanana, monga C0001 kapena MVI_0001, ndipo ena amayambiranso kuwerenga khadi ikafomatidwa. Wojambula wothamanga akathira maukwati awiri m'foda imodzi n'kuvomera kuti fayilo yatsopano ilowe m'malo mwa yakale, mkwati wa ku Bawi amapezeka akulumbira pamodzi ndi mkwatibwi wa ku Kampepuza. Ndale zalephera kugwirizanitsa madera mwachangu chotere.

Omwe anaphunzirapo amatsata dongosolo. Ntchito iliyonse imakhala ndi foda yake, dzina likuyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka mwambo ndi malo. M'kati mwake mumakhala mafoda a zosakonza, kamera iliyonse payokha, kenaka a mawu, a nyimbo, a polojekiti ndi a zomaliza. Fayilo ikalowa m'polojekiti sisinthidwanso dzina kapena kusamutsidwa, chifukwa pulogalamu yokonzera simeza vidiyoyo, imangoloweza njira ya kumene ikukhala. Ngakhale chilembo chimene Windows imapatsa ekisiteno chikasintha, E n'kukhala F chifukwa fulashi inatsogola kulowa, njirayo imasokonekera. Laputopu ikakhala yofooka, amapanga makope opepuka otchedwa proxy, n'kumakonzera amenewo. Palibe mwa malamulowa limene linalowezedwa m'kalasi. Lililonse linagulidwa ndi usiku wosagona, ndipo mphunzitsi wake ndi mmodzi yemweyu.

Nkhokwe iliyonse ili ndi anankafumbwe ake. A ekisiteno amatengedwa m'malo obenera nyimbo ndi mafilimu, kumene kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu onse a pa msika. Vayirasi yotchuka kwambiri imasandutsa mafoda kukhala tizithunzi ta shortcut. Kawirikawiri mafayilo amakhala angobisidwa, ndipo angathe kubwezedwa. Amene amawapha ndi mwini wake, pothamangira kufomata. Ngakhale zitatero chiyembekezo chimakhalapo, bola asalembemo kanthu kena katsopano mpaka pulogalamu yofukula zotayika itayesa.

Imfa ndi phindu lake

Ekisiteno iliyonse imafa. Chimene sichidziwika ndi tsiku, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Yotsegulidwa kunyumba ndi sikuludalaivala imafa kawiri, chifukwa fumbi lochepa ndi lokwanira kuononga mbale. Yotumizidwa kwa odziwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ingathe kudya ndalama zoposa zimene wojambula analandira pa ukwatiwo.

Komabe imfa imeneyi yapulumutsa ambiri. Amalume amene pa perekaniperekani anavina nyimbo zinayi akuponya K50 imodzi yomweyo, n'kumaitolanso, atsala opanda mboni. Wolankhula m'malo mwa akuchimuna amene anaiwala dzina la mkwatibwi tsopano amakumbukiridwa ngati katswiri wa mawu. Ukwati wopanda vidiyo umakula chaka ndi chaka: ng'ombe yophedwa imasanduka ziwiri, galimoto zoperekeza zimachuluka, ndipo palibe angatsutse.

Mphatso yake yaikulu ndi lamulo lotchedwa 3-2-1, limene anafalitsa wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina. Akale anati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa ntchito iyi wovumbwa ndi wa phanga limodzi. Memole khadi sifomatidwa mpaka vidiyo itakhala m'malo awiri ndi kutsegulidwa kuti ioneke ngati ikusewera. Kope lachitatu ena amaliika pa intaneti, koma kukweza 450 GB ndi bandulo ya pa foni ndi ntchito ya olemera, choncho ambiri amasiya ekisiteno yachiwiri kwa mbale wokhala mudzi wina. Njirayi si yachilendo kwa Angoni a kwa Gomani. Mbiri ya Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896, inasungika chifukwa inali m'mitu yambiri ndi m'midzi yambiri, ndipo imabwerezedwa anthu akasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo. Lero ngoma ya pa mwambowo imajambulidwa ndi makamera ochuluka, ndipo wojambula amene waika zonse pa ekisiteno imodzi wasunga mbiriyo mofooka kuposa agogo ake.

Ekisiteno yakufa

Ekisiteno yakufa sitayidwa. Ina imagwira ntchito yotsendereza malisiti pa tebulo. Ina imaphwasulidwa, ndipo maginito amphamvu a m'kati mwake amapita kwa telala kukatola singano. Koma zambiri zimagonekedwa m'dirowa, zitamatidwa kapepala kolembedwa tsiku ndi dzina la mwambo, podikira katswiri amene adzabwere tsiku lina. M'menemo mkwati ndi mkwatibwi akadali ovala zoyera, sanayambane, sanakongole feteleza, ndipo ankhoswe awo sanaitanidwepo ngakhale kamodzi.