Pusi Akagwa Chagada Amaonanji?

Tsiku limene ndinawauza amalume kuti mnzanga wa desiki yoyandikana ndi yanga watsanzikanso ntchito, anaika kapu ya tiyi pansi n'kupukusa mutu. "Mphwanga, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." Ntchito yatsopanoyo inali yachinayi ya mnyamatayo pa zaka 6. Anayambira ku banki, n'kudumphira ku kampani ya mafoni, n'kudzera kwathu kuno, ndipo tsopano amapita ku bungwe lina lothandizidwa ndi azungu.

Ine ndinamvera mwambi. Ndagwira nthambi imodzi zaka 11.

Kukhalitsa kuli ndi ulemu wake, ndisaname. Ndimadziwa chingwe chimene sichikhudzidwa m'chipinda cha seva, ndiponso kompyuta imene imadzuka mochedwa magetsi akabwera. Koma dzina langa la ubatizo linafera pageti. Aliyense amangoti "a IT". A IT, printa yakana. A IT, WhatsApp ya abwana yasowa zithunzi. A IT, mwana wa abwana wathira fanta pa laputopu. Munthu amene anaphunzira kulemba mapulogalamu usiku wonse ku Poly, isanatchedwe MUBAS, lero ndi sing'anga wa printa. Nditakwanitsa zaka 10 anandiitana kutsogolo, anandiombera m'manja, n'kundipatsa satifiketi ya mufelemu ndi kapu yolembedwa dzina la kampani. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ndinayang'ana kapu ija nthawi yaitali. Ku golosale sailandira.

Chimene chinandiswa mtima ndi printa yomweyo. Analemba ntchito kamnyamata kochokera ku kampani ina, ndipo amene anakaonetsa pokhala, pasiwedi ndi kumene kuli chimbudzi ndine. Mwezi utatha, pepala linakakamira mu printa. Nditalisolola, linali la malipiro ake. Sindinafune kuwerenga, koma maso alibe mpanda. Ndinakhala pansi. Nkhuku ya pakhomo imatola madeya, mpunga amaphikira mlendo.

Amalume ali ndi mfundo, chifukwa m'nthawi yawo munthu ankalowa ntchito ali ndi tsitsi lakuda n'kutuluka ndi imvi, penshoni ndi njinga. Lero, chikhazikitsireni lamulo la penshoni mu 2011, bwana amaika 10 peresenti, iwe 5, ndipo thumbalo limakutsata kulikonse udumphire. Ndinayesa kuwafotokozera. Iwo anali atamva pawailesi za mkulu wa Microsoft. N'zoona, Satya Nadella analowa kumeneko mu 1992, anadekha, n'kukhala mkulu wa kampani yonse mu 2014. Naye Sundar Pichai analowa ku Google mu 2004 ndipo mu 2015 anali pampando. Komatu amenewo anakwera mlambe, nthambi zake zosawerengeka, ukatopa ndi iyi umasamukira pa iyo osatsika mumtengo. Wanga ndi mtengo wa papaya. Pamwamba panga pali munthu mmodzi yekha, ndipo amathamanga m'mawa uliwonse, shuga sadya, thanzi lake n'lodetsa nkhawa.

Ndiponso mwambiwu unapekedwa mitengo isanaphunzire kugwedeza apusi. Mu November 2022 Meta, eni ake a Facebook, anachotsa anthu 11,000. Mu January 2023 Google inachotsa 12,000. Ambiri mwa amenewo sankadumphadumpha. Anali phee pa nthambi yawo, akutafuna mwaulemu, imelo n'kuwapeza m'mamawa.

Nanga mnzanga uja? Anagwadi, amalume asangalale. Opereka thandizo atatseka mpopi, pulojekiti inatha, ndipo anakhala pakhomo miyezi itatu. Galimoto anaiimika pansi pa mtengo wa mango, n'kubwerera ku kabaza. Ndinapita kukamuona nditakonzeka kumupepesa, mwambi uli kunsonga kwa lilime. Ndinamupeza atagona chagada pamkeka, foni m'mwamba, akuyendayenda pa LinkedIn.

"Aise," anatero osadzuka n'komwe, "ukagona chonchi ndiye umaziona bwino nthambi zonse."

Pano akulembera mapulogalamu kampani ina ya ku Nairobi ali m'chipinda chake ku Area 25, atavala malaya a kolala kumtunda, kabudula kumunsi. Amalandira madola. Chimene amadandaula n'chakuti palibe womuitana pa maliro a kuntchito, ndipo akadwala palibe amene amadziwa. Ndinamumvera chisoni mpaka pamene analipira nkhuku yonse tinadya ija osayang'ana risiti.

Usiku womwewo ndinatsegula CV yanga. Inali ndi nambala ya foni imene ndinataya kalekale, ndipo pa chithunzi ndinali ndi tsitsi. Ndaikonza. Amene mukudziwa kumene akufuna munthu wodziwa makompyuta, koma kopanda printa, ndinong'onezeni. Amalume okha asamve.