Zomveka kwa Mwadzama: mpira, kwaya ndi anzathu oyenda nawo

Mukakwera minibasi pa Benga kulowera ku boma la Nkhotakota masiku ano, dalaivala asavutike n'kutsegula wailesi. Nkhani muipeza momwemo, ndipo mukawoloka mlatho wa Chia isanathe. Anthu a kwa Mwadzama aika kaye pambali za mtengo wa mpunga ndi za mwera. Pakamwa pali achinyamata a mumpingo: kumene amacheza, ndi amene amacheza nawo.

Oyamba kudandaula ndi oimbitsa makwaya. Akuti Lamulungu masana, nthawi yophunzira nyimbo, oimba besi amasowa onse pamodzi. Ukawalondola umakawapeza kuvidiyo, atapanikizana pabenchi, jenereta ikulira kuseri. Mpira wa ku England wa Lamulungu umayamba cha m'ma 3 kapena 4 koloko nthawi yathu, ndipo Arsenal ikakumana ndi Manchester United, kwaya imatsala ya atsikana okhaokha. Woimbitsa wina akuti anangosuntha nthawi kuti aziyamba 1 koloko. Ena akumuseka kuti wagonjera mpira, koma besi yabwerera, ndipo ikumveka mpaka kumsewu. Abale athu a Seventh Day nawo ali ndi lawo: masewero ambiri amagwa Loweruka dzuwa lisanalowe, ndiye kuli anyamata amene foni imawayabwa m'thumba Sabata lonse.

Kunyanja nkhani ndi ya tulo. Alovi a chilimira amachezera ndi nyali kusaka usipa, n'kufika pagombe kutacha. Amene ali ndi mtima wa kutchalitchi amasamba, kuvala malaya oyera, n'kukakhala kumbuyo. Pofika pakati pa ulaliki mitu yayamba kuvomereza mawu onse a mlaliki, mpaka ina kugunda benchi. Amayi a Chigwirizano amaseka chogwira pakamwa, koma ambiri amawaikira kumbuyo: munthu wachokera m'madzi usiku wonse n'kusankhabe kubwera, ameneyo ngwolimba. Chimene chimawadetsa nkhawa amayiwa ndi masiku amene mwezi ukuwala. Usipa sulabadira nyali, mabwato amapuma, ndalama zili m'thumba, ndipo mnyamata ali ndi tsiku lonse lopanda chochita. Apa m'pamene mnzake amaoneka kuti ngwamtundu wanji. Wina amamutengera kukagula malata. Wina amamutengera kumowa kapena kukabetcha mpira pafoni, mawa lake n'kuyamba kukongola ya sopo.

Amayi ogulitsa nsomba akuti iwo ulaliki sakuufuna pa nkhaniyi, amaiona ndi maso. Mwana amene amapereka moni chogwada amasintha mwezi umodzi wokha akangolowa m'gulu lina, ndipo zimayambira m'kayankhulidwe. Wina anakumbutsa anzake za 1 Akorinto 15:33, pamene pamati mayanjano oipa amaipsa makhalidwe okoma, ndipo panalibe wotsutsa.

Zaukwati nazo zautsa mapiri pachigwa. M'mawa kutchalitchi zonse zimayenda mwaulemu. Masana pa perekaniperekani woika nyimbo amayamba bwinobwino ndi Ethel Kamwendo Banda kapena Great Angels Choir. Dzuwa likapendeka amasinthira ku za amapiano, ndipo akuti mkulu wa mpingo wina anaonedwa phazi likugunda pansi lokha iye nkhope ili gwa. Atafunsidwa anayankha ndi mwambi wa makolo, kuti gule ndi aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Agogo ena anaonjeza kuti iwo anavina chioda utsikana wawo wonse osaphonya Misa ngakhale tsiku limodzi, ndiye vuto lisakhale ng'oma. Ine ndili kumbali yawo. Kuvina masana pamaso pa apongozi sikunagwetsepo munthu. Zimene zimaliritsa makolo zimachitika zoimbira zikapitirira mpaka usiku, akuluakulu atapita kukagona.

Koma imene yasangalatsa anthu kwambiri ndi ya mnyamata wina wa Anglican amene anasiya mowa. Amayi ake anathokoza ansembe, ansembe n'kunena kuti si iwo. Anthu atafufuza anapeza kuti ndi mnzake wa m'bwato limodzi, Msilamu, amene salawa n'dontho lomwe. Akangolandira ndalama, mnzakeyo amamukokera pa tiyi ndi pabawo, kenako n'kumuperekeza mpaka pakhomo. Lachisanu wa Anglicanyo amadikira mnzake atuluke mumzikiti; Lamulungu Msilamuyo amamudzutsa kuti asachedwe kutchalitchi. Akuluakulu akuti palibe chachilendo. Chisilamu chinazika mizu kuno m'nthawi ya a Jumbe, amishoni a UMCA anakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo kuyambira pamenepo mabanja ambiri amadyera mbale imodzi ya kondowole, wina wovala mtanda, wina chisoti. Amene amaphunzitsa ana kuti bwenzi labwino ndi la mpingo wako wokha nkhaniyi yawasowetsa chonena.

Ana ang'onoang'ono nawo sakutsalira. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa awalowa m'magazi, moti ku Sande sukulu mphunzitsi atafunsa mmene Davide anagonjetsera Goliati, kamwana kena kanaimirira n'kuonetsa karate.

Pomva zonsezi, ine ndikuona kuti tikulimbana kwambiri ndi vidiyo, foni ndi zoimbira, pamene chimene chimakoka mwana ndi anthu amene ali m'menemo. Kuvidiyo amamusungira malo pabenchi, amamuitana ndi dzina, akasowa amamufunsa. Kumpingo nthawi zina timamukumbukira pokhapokha dzina lake likafika kubwalo la akulu kuti aikidwe pa chilango. Mwana amapita kumene akumuyembekezera.

Ndiye inu abusa, ansembe, atsogoleri a miphakati ndi akulu a mipingo kwa Mwadzama, mabwalo a matchalitchi athu amangokhala Lolemba mpaka Loweruka, mbuzi zikudya msipu. Sonkhani ndalama mugule mpira umodzi wa anyamata ndi wina wa ntchemberembaye, muike bawo pansi pa mtengo, ndipo mwezi ukawala muitane alovi onse, ndi anzawo achisilamu omwe, adzasewere.